Tsiku limene ndinabweza nsomba za a Dokotala Kamanga

Amene mukuseka kumbuyoko, bwerani mudzagwire masaya angawa, muone mmene anatambasukira ngati thumba la mpunga wa ku Chinguluwe, kenako mundiuze ngati ndi ukalamba wokha. Ine Yotamu sindinama, ndipo izi zinachitika dzuwa lili pamutu, anthu akuona.

Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo popanda khadi sumakwera basi ngakhale kulowa mumsika. Kunabwera a Dokotala Kamanga, mphunzitsi wa ku yunivesite, dokotala wosabaya jakisoni koma woyeza nsomba. Anandilemba ntchito yopalasa bwato chifukwa gombe lonse lino panalibe wondiposa. Ntchito yake sindinaimvetse: tigwire mbuna, tinsomba ta m'miyala tija, iwo atimange katikiti ka pulasitiki ka nambala pa chipsepse, kenako tiponyenso m'madzi! Ine msodzi, kugwira nsomba n'kuibweza? Amati akufuna kudziwa ngati nsomba ya pa mwala uwu imapita pa mwala uwo. Ndinkangoti "inde bwana," mutu uli zii.

Tsoka lake, nsomba imodzi ya tikiti inapezeka mu ndiwo za tcheyamani wa chipani. M'mawa mwake anafika pa gombe ndi anyamata ake a malaya ofiira, katikiti kali m'manja.

"Makalata awa mukutumiza kwa zigawenga za kutsidya, eti?"

A Dokotala, m'malo mopepesa, anayamba kuphunzitsa. "Ayi bwana tcheyamani, nsombazi kale zinali mtundu umodzi, koma m'kupita kwa nthawi zinasintha, zinagawikana mitundu yambiri."

"Zinagawikana? Anazigawa ndani? Kuno kulibe zosintha!"

Analamula kuti nsomba iliyonse ya tikiti ikhale pa mchenga galimoto ya ku boma isanafike masana, apo ayi a Dokotala akwere, ndipo okwera galimoto imeneyo sitinkawafunsanso kuti abwera liti. Ine ndinangovula malaya.

Mukumva? Ndinakoka mpweya kamodzi kokha, mpweya umene unagwetsa mango osapsa ku Maganga, ndinalowa pansi, ndipo ndinayamba mwala ndi mwala, mphanga ndi mphanga, ndikusuzumira chipsepse cha nsomba iliyonse, koma poti kuwerenga sindidziwa ndinkangogwira iliyonse yonyezimira, ina n'kuthawira m'kamwa mwa kampango wamkulu ngati bwato langa, ine n'kulowa momwemo mpaka m'chiuno, kuitulutsa, kampango n'kutsokomola, funde lake n'kundiponya pamsana pa ng'ona imene inandinyamula ulendo wosaufuna mpaka ndinavuuka pa gombe lachilendo pamene amayi ochapa anandikalipira m'Chipwitikizi. Ndinati kodi ndafa, kapena ndasochera? Sindinapume n'komwe, kuopa kuba mpweya wa dziko la eni. Ndinabwerera pansi.

Vuto linali ponyamulira, poti manja anali atadzaza, kabudula atadzaza. Ndiye ndinakumbukira zimene a Dokotala anandionetsa, kuti mbuna yaikazi imasunga ana ake m'kamwa. Ndinayasamula, ndinayamba kulonga, tsaya ili lidzale, tsaya ilo lidzale, zina pansi pa lilime, zina zikusambira kukhosi, mpaka mutu wanga unakula ngati dengu, mvuu itandiona inapatuka mwaulemu. Njira yobwerera ndinaiiwala, ndinazungulira chilumba chimodzi kanayi ndikuganiza kuti ndi zilumba zinayi, ndipo ndinatulukira pa gombe pathu mwangozi, chifukwa ndinagunda mutu pa bwato langa lomwe.

Ndinalavula. Mulu wake unafika m'mawondo mwa tcheyamani, zonse zamoyo, zikuphiriphitha. Tcheyamani anatola imodzi, anayang'ana nambala chozondotsa, anatola ina, thukuta kamukamu. Galimoto inali itamveka kale kumsewu.

"Tsono manambalawa akuti chiyani?"

A Dokotala anatsegula pakamwa kuti ayambirenso za kusintha zija, ine ndinawaponda phazi. Chimene ndinayankha sindikudziwa kumene chinachokera.

"Ndi makhadi, bwana. A Dokotala akulembetsa nsomba m'chipani."

Tcheyamani anayang'ana ine, anayang'ana nyanja, anayang'ana anyamata ake, palibe amene ankafuna kukhala woyamba kunena kuti nsomba siyenera khadi. Mapeto ake anakuwa kuti, "Nanga mamembala mukuwaunjika padzuwa bwanji? Abwezeni msanga!" Anyamata aja anaolera mulu wonse ndi malaya awo ofiira, anakakhuthula m'madzi pamalo amodzi, galimoto inabwerera yopanda munthu.

Ndinatembenuka kuti a Dokotala andithokoze. Ndinawapeza atakhala pa mchenga, manja kumutu.

"A Yotamu, mwandipulumutsa. Koma nsomba za miyala yonse mwazisakaniza. Ntchito yanga yonse yathera m'kamwa mwanu."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinakonza kapena ndinaononga. Koma mukamva kuti ophunzira akubwerabe ndi magalasi awo, akumira m'miyala muno, akukanda mitu kuti nsomba za ku Salima sizikumveka mtundu wake, musawavutitse ndi mafunso. Atumizeni kwa ine. Ndinazisokoneza ndine.