Sabata Yokhala Mkango ku Nsaru

Lolemba

Ndili kwathu ku Nsaru. Makolo akudziwa kuti ndabwera ku holide. Chomwe sakudziwa: ndalakwa sitatisitikisi, ndipo pakatha sabata ziwiri ndikalemba sapu, mayeso obwereza aja. Ndikakalakwanso, za yunivesite zathera pomwepo.

Koma sindikuopa. Tisanatsekere kunabwera mkulu wina wa suti yonyezimira ngati mlamba, kudzatilimbikitsa. Akuti amalephera ndi munthu wosalemba zolinga zake. Ndiye ndalemba, ndamata pakhoma:

1. Kudzuka folo koloko.
2. Kuthamanga mpaka pamjigo wa kusukulu.
3. Kudziuza pagalasi kuti "Ndine mkango."
4. Mitu iwiri ya buku tsiku lililonse.
5. Kupewa anthu obweza m'mbuyo.

Lero ndi lokonzekera, buku ndiyamba mawa. Zolingazo ndazikongoletsa ndi zolembera za mitundu itatu. Maola awiri athunthu. Kulimbikira kumeneku!

Lachiwiri

Foni ikulira folo koloko. Adzuka ndi abambo, amayi ndi nkhuku. Ine ndikudzuka sikisi, amayi atapita kale kumjigo kawiri. Chonsecho iwo alibe pepala pakhoma.

Kuthamanga: ndikungofika pa a Nabanda, oyandikana nafe, agalu awo atatu ali pambuyo panga. Liwiro lake! Masana a Nabanda abwera kudzafunsa amayi ngati ndinatola kanthu pakhomo pawo.

Buku: tsamba 1 mpaka 3. Wolemba akuthokoza mkazi wake.

Lachitatu

Galasi la nyumba ino ndi kachidutswa, kali kuchipinda kwa amayi. Ndaima, ndatukumula chifuwa: "Ndine mkango." Kachiwiri, mokweza. Kutembenuka, azakhali ali pakhomo ndi lichero m'manja.

"Mlamu, tabwerani mudzamve. Zimayamba chonchi izi. Muwadziwitse abusa kusanade."

Mfundo yachisanu yavuta. Anthu obweza m'mbuyo ndawapeza: azakhali, a Nabanda, agalu. Nanga ndiwapewera kuti? Tsiku lonse tili pamodzi, kuthothola mtedza. Mkulu wa suti uja ankanena izi ali m'holo ya mafani. Abwere kuno adzapewe azakhali, tione.

Buku: ndaligwiritsa ntchito. Ndatsamira.

Lachinayi

Abambo aona pepala lija. Avala magalasi, akuwerenga mokweza ngati zolengeza za kutchalitchi, poti ndi mkulu wa mpingo. Akondwa!

"Izi ndiye nzeru za ku yunivesite. Loweruka ukayankhule kwa achinyamata. Ndikawauza abusa lero lomwe."

Ine? Wa sapu ine? Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Chomwe chikutuluka: "Chabwino, ababa."

Buku lidikire, ndikukonza zokayankhula. Ndakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki, ndikuonera mavidiyo a olimbikitsa anthu. Onse nyimbo yake imodzi: dzuka, lota, uluka. Wina akufuula ali m'galimoto, wina ali pamwamba pa phiri. Wofotokoza samu za m'buku langa palibe ndi mmodzi yemwe.

Lachisanu

Ndatumidwa kuchigayo. Magetsi azima ndili wachitatu pamzere. Maola anayi nditakhalira thumba.

Pamzerepo pali Tiyamike, mnzanga wa ku sekondale. Anasiyira Folomu 4, ndipo ine ndinkamumvera chisoni. Pano ali ndi nkhumba khumi ndi ziwiri, wabwera ndi ngolo kudzagula madeya. Ndikumufunsa ngati munthu wophunzira: zolinga zako za zaka zisanu zikubwerazi n'zotani?

"Zolinga? Ine nkhumba zikalira ndimadzuka, basi."

Umbuli! Ndikufuna kumuseka, koma wandikweza pangolo yake pobwerera.

Buku: ndinaliiwala kunyumba. Mwina dala.

Loweruka

Tchalitchi chadzaza theka. Abambo ali pabenchi yakutsogolo, tayi pakhosi. Ndavala jekete la amayi.

Ndikungobwereza za mkulu wa suti, liwu ndi liwu, mpaka kuloza denga momwe ankalozera. M'manja phwaphwaphwa! Ndikuwonjezera zanga zopeka pomwepo. M'manja kuposa poyamba!

Nthawi ya mafunso. Mtsikana wina wa Folomu 3 akuimirira, kope m'manja.

"Achemwali, kodi inuyo munayamba mwalakwapo mayeso? Ine ndalakwa masamu kawiri, sindikudziwa chochita."

Abambo akumwetulira, akudikira. Ndikumva mawu anga akuti, "Mng'ono wanga, kulakwa kuli m'maganizo."

Nthungululu! Mtsikanayo akulemba mawu amenewo m'kope, mosamala, mpaka kudula mzere kunsi kwake. Zimenezo akachita nazo chiyani m'chipinda cha mayeso?

Basi, ntchito ya mkulu uja ndi imeneyi? Jekete ndi chala? Ndayamba kukayika. Mwina nayenso ali ndi sapu.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi aliyense akundigwira chanza. Azakhali akuuza anthu kuti nzeru zimenezi n'za kwawo.

Masana tili awiri ndi amayi kuseri kwa khitchini. Ndanena zonse, maso ali pansi. Amayi akungofunsa za mayesowo:

"Liti?"

Kwatsala masiku asanu ndi atatu.

"Wafika pati?"

Tsamba 3.

"Pa masamba angati?"

Mazana awiri.

Sakukalipa. Atambasula dzanja, ndawapatsa foni, aitsekera m'sutikesi momwe amasunga yunifolomu yawo ya kutchalitchi. Kiyi amangirira pachitenje.

"Abambo ako ndiwauza ndekha, akadya."

Kothothola mtedza andichotsa. Kumjigo andichotsa. Andiikira mpando pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana ndi khitchini, kuti akamaphika azindiona.

Tsamba 4. Manambala okhaokha. Woomba m'manja palibe.