Chipewa Chofuna Mutu

Usiku watha ndinalota zondichititsa manyazi, anzanga, ndiye musaseke kwambiri. Mukulidziwa lipoti lachingerezi lija ndinalemba dzulo, la matumba a simenti amene anasowa pasukulu pano. Ndinawaona ndi maso angawa a Chakwawa, wapampando wa komiti, akukweza matumbawo pangolo atatuma mlonda wathu, a Kachingwe, kukagula fodya. Koma ine, mphunzitsi wa Chingerezi wozolowera kudya nkhuku kwa a Chakwawa, ndinangolemba kuti "he" ndiye anatenga.

Ndiye kumalotoko ndikupita nalo lipotilo kwa mlangizi wa masukulu, ndiye msewu wasanduka bolodi, ndikungoterereka pafumbi la choko. Mwadzidzidzi cholembera changa chatsokomola m'thumba.

"Aphunzitsi," chikutero, "ana mumawakalipira akalemba chiganizo chosadziwika mwini wake. Nanga inu akukalipireni ndani?"

"Khala chete iwe, ndinakugula ndine."

Ndiye ndalowa mu ofesi, mlangizi wavula magalasi, mwadzidzidzi ndi kadzidzi. Ahedi athu asanduka birimankhwe, diso lina kwa ine, lina kwa a Chakwawa. A Chakwawa ndi mvuu yovala tayi, milomo ili mbuu ndi simenti, ikugeya fumbi.

Kadzidzi wawerenga lipoti, wakweza mutu. "Kodi 'he' ameneyu ndani? Alowe!"

Ndiye kamawu kaja kadumpha papepala, kasanduka chipewa, chikuuluka kufuna mutu woti chiterepo. Chafika pa mvuu, mvuu yangomwetulira. "Aphunzitsi, nkhuku ija inali bwanji?" Chipewa chatembenuka, chakatera pamutu pa a Kachingwe, amene aima pakhomo ndi chibonga chawo.

"Chawakwana bwino," watero birimankhwe. "Makiyi amasunga ndi mlonda. Ntchito yamuthera basi."

A Kachingwe akundiyang'ana ine. "Aphunzitsi, paja inu munalipo. Zaka makumi awiri ndikulondera sukulu ino, ngakhale choko sindinabepo. Tangotchulani dzina."

Ndiye ndikuti nditchule, m'kamwa mukungotuluka nthenga za nkhuku. "Ndi ujeni... anthu ena ake... eni ake akudzidziwa..." Kadzidzi wamenya chidindo, ndiye chipewa chayamba kukula, chameza mutu, chameza mapewa, mpaka a Kachingwe atsala nsapato zawo za matayala zokha. Ndinalira, anzanga, kulira kwenikweni, chifukwa nkhalamba ija ndinaimeza ndine.

Mwadzidzidzi ngwe! ngwe! ngwe! Ndinadzidzimuka. Anali a Kachingwe akumenya chitsulo cha sikisi koloko monga masiku onse, osadziwa chimene chinali m'chikwama changa. Chitsulocho chisanasiye kulira, ndinali nditafufuta kale "he" uja ndi kulemba dzina la a Chakwawa m'zilembo zikuluzikulu. Nkhuku ndiziweta zanga.