Katapila wa Bambo a Tiyamike

Lolemba

Loweruka lino kukubwera alendo ochokera ku Ntchisi kudzafunsira mbeta mwana wanga Tiyamike. Mnyamatayo ndi Madalitso, mphunzitsi, mwana waulemu wake. Akutuma atsibweni ake. Kuno wowalandira ndi mlongo wanga a Lefani, ndipo nkhani ikambidwira m'nyumba muno, poti kwa a Lefani mipando ilipo iwiri, winawo ndi wopendekeka.

Zoti ndichite sabata ino:
kutsiriza diresi ya Tiyamike
kuchapa makatani ndi nsalu ya pathebulo
kupaka polishi pabalaza
kuwameta bambo a Tiyamike

Si zambiri. Munthu amene amasoka mayunifolomu a sukulu yonse ya kuno ku Msakambewa sangalephere izi.

Madzulo ano bambowo afika kuchokera kumsika wa pa Boma akumwetulira ngati fodya wawo wagulidwa bwino. Akuti, "Mayi, ndatenga katapila."

Ndakhala pansi pakhonde pomwepo, m'maso mwanga ndikuona kale eni ngongole akutulutsa makina anga osokera. Kenako iwo apisa dzanja m'jumbo n'kutulutsa chidole. Chachikasu, chapulasitiki, chokhala ndi mkono wokumbira, kunsi kwake malamba m'malo mwa matayala. Achitola pa kaunjika.

M'nyumba muno mulibe mwana wamng'ono. Mdzukulu sitinamuonebe. Ndafunsa kuti n'chayani. Akuti n'chawo. Akuti panopa chimayenda chochita kukankha, koma iwo achiika mota kuti chiziyenda ndi rimoti n'kumakumba chokha. Munthu wa imvi. Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito. Mkulu wa mpingo.

Achikhazika pathebulo la pabalaza. Akuti mawa achichotsa.

Lachiwiri

Sanachichotse. Aching'amba pamimba.

Zimene zili pathebulo langa panopa:
DVD yathu yakale, yophwasula
kagalimoto ka rimoti kothyoka, komwe anagulanso dzulo osandiuza
mawaya ofiira, akuda, ndi ena amene ndikuwakayikira kuti achokera kuseri kwa wailesi
timabawuti, m'kapu yanga ya alendo

Sindinafunse, koma andifotokozera. Pafunika mota zitatu: ya lamba wakumanja, ya lamba wakumanzere, ndi ya mkono. Kagalimoto kothyokako n'kongochotsako kabolodi kolandira mawu a rimoti. Akulankhula chala chili m'mwamba ngati ali pamsonkhano wa alimi, ine ndili ndi beseni la makatani pamutu.

Polumikiza mawaya akusungunula mtovu ndi msomali wotenthetsa pamoto. Moto wake ndi wa mbaula yanga. Nyemba zachoka pamoto kanayi konse kuti msomali upsye. Tadya nyemba zolimba ngati chimanga cha mbewu, iwo akuti zakoma.

Nsalu ya pathebulo ija ndinailuka ndekha ndili ndi pakati pa Tiyamike. Tsopano ili ndi bowo lakupsa lolowa chala. Awona kuti ndaliwona. Akuti, "Tiikapo maluwa pamenepo."

Ndawayimbira a Lefani. Munthu akakanika mkazi wake, mlamu wake ndiye amamutha.

Lachitatu

A Lefani afika m'mawa panjinga kuchokera ku Chisepo, jekete atavala, nkhope itakwinyika bwino lomwe. Ndawauza zonse pakhonde. Apukusa mutu. Akuti, "Chemwali, musadandaule. Zimenezi zitha lero."

Ndakhala kukhitchini khutu lili kukhomo. Poyamba ndamva mawu a a Lefani, okwera, onena za ulemu wa banja ndi za alendo. Mtima wanga wakhala pansi. Kenako zii. Ziiyo watalika. Kenako ndamva mawu omwewo akuti, "Ayi alamu, wofiirayo apite uku. Tagwirani apa."

Ndasuzumira. Jekete ali pampando. Mlongo wanga, bere limodzi, wagwada pansi msomali uli m'manja.

Masana achiyesa koyamba. Andiitana kuti ndidzaonerere, ndakana, ndaonerera ndili pakhomo. Bambo a Tiyamike adina batani lopita kutsogolo. Chinthucho chalira ngati udzudzu, chathamanga chobwerera m'mbuyo, chagwa pathebulo n'kutenga kapu yanga ija. Kapu yasweka. Chidole chilibe ndi bala lomwe.

Palibe amene wayang'ana kapu. Onse awiri akukangana kuti wasemphanitsa mawaya ndani. A Lefani akuti vuto lina ndi liwiro, pafunika magiya a m'DVD muja kuti chiziyenda modekha ngati katapila weniweni. A Lefani amagulitsa nsomba zouma. Za magiya azidziwira kuti?

Adya nkhomaliro, adya mgonero, agona konkuno. Akuti n'kosavuta kudikirira alendo ali pafupi.

Lachinayi

Ndatenga makina ometera kuti ndithane ndi mutu wa bambowo. Ndadina, zii. Ndawagwedeza, apepuka ngati chikwa. Mota yachitatu ija yapezeka.

Bambowo akuti ndiwamete ndi sizasi. Sizasi yake ndi yanga yodulira nsalu, ndipo dzulo anadulira waya.

Malamba a chidolecho akumavuka chikamakhota. Ndimamva akudandaula zimenezi m'mawa, sindinasamale. Pobwera kuchokera kumjigo ndapeza adandaula mokwanira, vuto latha. Ndapita pamakina kuti nditsirize chiuno cha diresi ya Tiyamike. Lasitiki kulibe.

Ndaima pakati pa balaza ndi diresi m'manja. Ndalankhula. Sindilemba zonse zimene ndanena, poti zina si za mayi wa mumpingo. Bambowo amvetsera mutu uli pansi. Nditatha akuti, "Mwanena zoona, mayi. Kodi wina wopyapyala pang'ono mulibe?"

Tiyamike wafika madzulo kuchokera ku Mponela komwe amagwira ntchito. Ndinkamudikira ngati mvula. Ndamulowetsa pabalaza kuti aone yekha zimene atate ake ndi atsibweni ake akuchita pa sabata yake. Waona. Waseka mpaka kugwira khoma. Wajambula pafoni. Atamva kuti mabatire a tochi akutha msanga, wawapatsa pawabanki yake yotchajira foni.

Ndinamuyamwitsa ndekha mwana ameneyu.

Lachisanu

Ndadzuka tambala asanatsike, ndasesa, ndakolopa, ndapaka polishi wofiira mpaka pansi pakuonetsa nkhope. Chimodzi chokha chatheka sabata ino. Ndawathamangitsira panja ndi chinthu chawocho.

Panja sichinakhalitse. Tambala wathu wachiona chikuyenda chokha n'kuchilumphira, wachijompha mkono mpaka waya wathothoka. Akuluakulu awiri athamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe, anthu opita kumunda ataima pamsewu. Mayi a kuseri kuno afunsa ngati kwagwa zovuta.

Ndapita kukagula mpunga ndi mafuta. Pobwera ndapeza alowanso m'nyumba. Mkono wayamba kugwira ntchito, ndiye pafunika chokumba. Abweretsa mchenga m'beseni langa losambira. Ndiponso akuti papolishi malamba akuterereka, choncho awazapo mchenga pang'ono kuti chizigwira pansi.

Awazapo mchenga. Papolishi panga!

Sindinakuwe. Ndanyamula chidolecho, ndakachitsekera m'chipinda cha matumba a chimanga, kiyi ndamangirira pampango. Bambo a Tiyamike akhala pakhonde, tiyi wazizira pambali pawo. A Lefani abwera kudzandinyengerera, munthu yemwe ndinamuitana kuti adzandithandize. Akuti alamu awo chipumireni pantchito sanasekepo ngati sabata ino. Zimenezo n'zoona, ndipo zandikwiyitsa kwambiri chifukwa n'zoona.

Tapangana. Ndawabwezera, iwo alonjeza kuti mawa alendo sachiona ndi diso lomwe. Alonjeza dzanja lili pachifuwa.

Ndakolopanso. Diresi ndaimanga ndi chingwe. Mutu wa bambowo ndaumeta ndi lezala, mbali ina yatsika kuposa inzake, ndipo sindikupepesa.

Loweruka



Alendo afika nthawi yabwino. Atsibweni a Madalitso ndi a Chikuse, bambo wamkulu thupi, suti yakuda, nsapato zonyezimira, wosaseka wamba. Abwera ndi mlongo wawo, mayi Nabanda. Pabalaza pakuwala. Maluwa ali pabowo paja. Dongosolo n'lakuti bambo a Tiyamike atsegule ndi pemphero, kenako ife makolo tituluke, eni nkhani akambirane.

Tatseka maso. Bambowo apinda manja pamimba monga amachitira kutchalitchi. Ine sindikudziwa kuti rimoti ili m'thumba la jekete, pamimba pomwepo. Sindikudziwanso kuti malo amene asankha kubisapo chinthu chawo ndi pansi pa sofa.

Afika pa "tikuthokozani chifukwa cha alendo athu", ndamva kulira kwa udzudzu kuja. Ndatsegula diso limodzi. Chikutuluka. Modekha, poti magiya a a Lefani akugwira bwino ntchito. Chadutsa papolishi osaterereka ngakhale pang'ono, chafika pansapato ya a Chikuse, chaima. Bambowo afinya manja kwambiri popempherera banja latsopano. Mkono wakwera, watsika, wakanda nsapato.

Ameni sanamveke bwino.

Ndafuna nthaka ing'ambike ndilowe. A Chikuse achiyang'anitsitsa chidolecho. Kenako afunsa ndi mawu otsika kuti, "Wapanga izi ndani?" A Lefani aloza alamu awo, alamu awo aloza a Lefani.

A Chikuse avula jekete.

Kani iwowa agwira ntchito yoyendetsa akatapila enieni m'misewu kuyambira ali mnyamata mpaka maso atayamba kuvuta. Apempha rimoti ndi manja awiri ngati akulandira mgonero wa Ambuye. Akuti chisiyireni ntchito sanagwirepo mkono wa katapila. Posakhalitsa amuna atatu ali panja pa mulu wa mchenga, mawondo a suti ali m'fumbi, akukumba ngalande yopita kukhola la nkhuku. Tambala amutsekera.

Ine ndatsala pabalaza ndi mayi Nabanda ndi mpunga. Ndayamba kupepesa. Andigwira dzanja. Akuti, "Musavutike, mayi. Kwathu amuna anga ndi nkhunda. Pamaliro a amayi anga anathawa kukazitsegulira."

Nkhuku yazizira. Ndatuma mwana wa mayi a kuseri kukawaitana, wabwerako akuti ayankha kuti atsala pang'ono kufika pamwala. Adya dzuwa litapendeka, manja osasamba bwino, nkhani yake ya magiya yokhayokha. Kenako a Chikuse ayang'ana kumwamba, akuti njinga zamoto zisiya kuyenda, msewu wa kumapiri suyendeka mdima ukagwa. Atsanzika mwaulemu kwambiri. Akumbatirana ndi bambo a Tiyamike. Apita.

Tiyamike wakhala m'chipinda tsiku lonse ndi diresi yake ya chingwe kudikira kuitanidwa. Lachinayi ankaseka. Lero wabwera kukhitchini maso ali ofiira, akuti, "Amayi, ndiye ndafunsiridwa kapena ayi?"

Ndamupatsa chiwindi cha nkhuku.

Lamulungu

Tisanapite kutchalitchi ndawakhazika pansi onse awiri. Funso limodzi: nkhani ya mwana inakambidwa?

A Lefani akuti akuganiza kuti inakambidwa. Akuti pa nthawi imene mkono unakakamira, a Chikuse ananena mawu ena okhudza "mwana wathu uja", ndipo iwo anayankha kuti palibe vuto. Koma sakutsimikiza ngati ankanena Tiyamike kapena katapila. Bambo a Tiyamike akuti iwo sanamve kanthu, anali atagwira waya.

Kutchalitchi ulaliki unali wa kuleza mtima. Abusa anandiyang'ana kawiri. Nkhani yafika kale.

Masana Madalitso wayimbira Tiyamike. Akuti atsibweni ake afika kwawo akuyamikira kuti banja lotere silipezeka, za mbeta ife akuchikazi tavomera, iye asachedwe. Chimene anadandaula n'chakuti mota ya mkono ndi yaing'ono. Abweranso Loweruka likudzali kudzakamba za tsiku la chinkhoswe, ndipo abwera ndi chidole cha thipa cha mdzukulu wawo, poti katapila sangamakumbe popanda galimoto yonyamula dothi.

Tiyamike wavina kukhitchini. Wakawakumbatira atate ake. Ine amene ndinakolopa kawiri sanandikumbatire.

Thebulo ndawasiyira. Tikudyera pamkeka. Makapu a alendo otsala ndakawasungitsa kwa mayi a kuseri.

Madzulo ano bambowo abwera pamakina panga akukanda mutu wawo wopendekekawo. Akuti a Chikuse ananena kuti katapila wopanda dalaivala saoneka bwino. Ngati ndili ndi tinsalu totsala, mwina ndingawasokere kamunthu kokhala pampando.

Ndawauza kuti ine ndine telala wa anthu, osati wa zidole, ndipo asadzandifunsenso. Achoka mwakachetechete.

Ovolosi yake ndaisoka yabuluu. Chipewa chandivuta pang'ono, mutu wake ndi waung'ono kwambiri.