Tsiku limene ndinabisa Chigamba

Loweruka madzulo, mwezi wa Novembala

Ndikulemba izi nditangomaliza kukolopa tiyi m'chipinda mwanga. Buku la masamu ndaliyanika pampando. Chigamba, galu wathu, wagona pamapazi anga ngati sanalakwe kanthu. (Mwina sanalakwedi.)

Kusukulu ine sindilankhulalankhula. Ndiye Asiyatu, mtsikana wa ku Area 4 amene timakhala desiki imodzi, atavomera kubwera kwathu kuno ku Area 12 kudzawerengera limodzi mayeso, ndinakondwa mpaka chakudya chinandikanika. Chiyambireni sekondale palibe mnzanga anabwerapo kwathu. Koma Lachinayi anandifunsa kuti, "Kwanu kuli galu? Ife kwathu sitikhudzana nawo agalu, komanso ineyo ndimawaopa."

Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Kulibe."

Lero m'mawa ndinamutsekera Chigamba m'kanyumba kosungira makasu, ndi madzi ndi fupa, ndipo ndinamupepesa. Kumwamba kunali mbee, dzuwa likuswa mtengo. Koma iye anali wefuwefu, makutu atagwetsa, akununkhiza m'mwamba. Zimenezi ndimazidziwa. Amayi amati Chigamba amamva mabingu akadali kutali, ndi fungo la mvula ife tisanaone mtambo. Akangoyamba kutero, iwo amakaanula zovala osayang'ana n'kumwamba komwe. Ndimadziwanso kuti pobisalira pake m'pamodzi basi: kunsi kwa tebulo langa lowerengera. Ndinadziuza kuti n'kutentha chabe.

Asiyatu anafika masana, ndipo tinakhala patebulo lija m'chipinda mwanga. Amayi anatipatsa tiyi ndi mandasi, ndipo zonse zimayenda bwino. Anayamikira ngakhale nsalu yapatebulo, imene imalendewera mpaka pansi.

Kenako ndinamva chinthu chofunda chikutsamira mwendo wanga. (Ndamva pambuyo pake kuti abambo anatsegula kanyumba kaja pofuna paipi yothirira maluwa. Iwo sindinawauze za pulani yanga.)

"Ukumva?" anatero Asiyatu. "Chikupuma n'chiyani?"

"Ndine. Ndili ndi chimfine."

Pofuna kuti akhulupirire, ndinayamba kupuma mwawefuwefu, kutsatira mmene Chigamba amapumira. Iye akafulumira, nanenso ndimafulumira. Asiyatu anandiyang'ana mwachisoni, nandikankhira kapu ya tiyi.

Chigamba analira pang'ono, kamawu kakang'ono kaja.

"Nanga icho?"

"M'mimba," ndinatero. "Mandasiwa."

M'chipinda munayamba kuda. Mphepo inakankha zenera. Kenako bingu linaomba pamwamba penipeni pa nyumba, ndipo Chigamba anatumphuka kunsi kuja n'kundikwera pamiyendo, galu wamkulu wathunthu. Tebulo linapendekeka, tiyi yense m'buku la masamu. Pamene ndimatukula maso, Asiyatu anali ataimirira pabedi, atakumbatira pilo.

"Iwe!" anakuwa. "M'mimba mwakomo muli ndi mchira?"

Ndinafuna kuyankha koma misozi inanditsogolera. Ndinangoona Lolemba likubwera, ine ndekha padesiki ngati kale. Ndinabisa nkhope m'khosi mwa Chigamba n'kunena kuti, "Ndimaopa kuti subwera."

Asiyatu anatsitsa pilo uja n'kuyang'anitsitsa Chigamba.

"Taona mmene akunjenjemerera," anatero chapansipansi. "Akuposa ine." Anakhala pabedi, miyendo ataipinda kutali ndi ife. "Mugwire bwino asandikhudze. Ndikanabwerabe, wopusa iwe. Ukanangonena."

Ndinamufotokozera kuti Chigamba salowa m'nyumba chisawawa, koma mabingu okha ndiwo amamulowetsa, ndi kuti lero anayamba kudandaula m'mawa.

"M'mawa? Kuli dzuwa lonse lija?"

"Eya."

"Ndiye ine ndasiya yunifolomu pachingwe kwathu, iwe uli ndi wolosera zanyengo n'kumutsekera ndi makasu!"

Tinaseka mpaka amayi anabwera kudzasuzumira. Masamu sitinawerengenso. Mvula itakata, achimwene ake anabwera kudzamutenga, ndipo pageti Asiyatu anandiuza kuti kuyambira tsopano ndizimuuza zimene Chigamba wanena, asamanyamule ambulera pachabe.

Panopa Chigamba akupuma mwakachetechete, makutu ali tcheru. Ndiye kuti usiku uno kulibe china.

Mawa ndidzuka msanga, ndimuyang'ane bwinobwino asanadye. Ndikatero ndibwereka foni ya amayi. Nthawi zonse ndimadikira kuti wina ayambe kundilankhula, koma mawa ndiimba ndine, ndimuuze Asiyatu ngati angayanikenso yunifolomu ija.