Kiyi Adatsagana ndi Esinala

Mbuzi yanga yamawangamawanga ija musandifunsenso. Sidagwidwe ndi fisi, sidabedwe. Idadyedwa ndi chitseko, ine ndikuona ndi maso angawa.

Mwana wathu Fanuwelo ali ku Joni. Atatimangira nyumba ya malata adaikapo chitseko chachitsulo, cholemera ngati ng'ombe, ndipo m'mazenera monse adatchinga ndi zitsulo. Makiyi adali awiri. Wina adapita naye ku Joni, winayo adandipatsa ine, osati bambo ake. Chifukwa chake chidalipo. Bambo a Fanuwelo ali ndi nthenda yothamanga magazi, ndipo adagwapo kale m'munda wa nandolo, thovu kukamwa. Adokotala adanenetsa kuti akalawanso kachasu tikagule matabwa. Koma munthuyu ukangotembenuka, wafika kale kwa otcheza. Ndiye ndikamachoka ndinkawasiyira phala, wailesi ndi chidebe, n'kuwakhomera m'nyumba. (Musandiyang'ane choncho. Fanuweloyo adavomereza.) Poyamba ankalalata. Kenaka adangozolowera, mpaka kumanditsanzika mwansangala, ine n'kumati pemphero lagwira ntchito.

Kiyiyo ndinkamumanga pansonga ya chitenje, monga timangira ndalama ya chigayo.

Tsiku lake tinkaika Esinala, mnzanga amene tidathyola naye tiyi kuyambira tili atsikana. Titamusambitsa, ana ake adatulutsa kansalu kopyapyala koti ungasefere thobwa. Mtima udandipweteka. Ndidavula chitenje changa chapamwamba, chatsopano, chogula ku Milanje, n'kumufunditsa mnzanga. Amayi onse adandiyamika. Kumanda ndidaimba mokweza kuposa wina aliyense.

Ndidafika pakhomo dzuwa litapendeka. Ndidapisa dzanja m'chiuno, nsonga yoyamba ilibe mfundo. Yachiwiri ilibe. Ndidavula chitenje chamkaticho n'kuchikutumula. Apo m'pamene ndidachiona m'maso mwanga chitenje chatsopano chija, maluwa ake ofiira, chivundikiro cha bokosi chikutsika, mfundo ili pamapazi a Esinala.

Ndidagogoda. Ndidaitana bambo a Fanuwelo ndi dzina lawo laubwana, limene sindidalitchulepo chikwatiwire. Zii. Wailesi yokha ikulankhula. Nditasuzumira pampata wa katani ndidaona mbale ya phala ili chivundikirire, ndodo yawo ili gone pansi pakati pa balaza. Munthu amene sapita ngakhale kubafa wopanda ndodo.

Amayi a Lusiya, oyandikana nafe, adandipeza ndikumenya chitseko ndi mwala. Nditawafotokozera ndidawagwira mkono, ndati tithamange kumanda dothi likadali lofewa, adzukulu sadamwazikane. Adanditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha utsi.

"Agogo, mawu amenewo athere pompano. Mukufuna mudzi uno ukutcheni chiyani?"

Anyamata awiri adabwera ndi chitsulo chokumbira maenje. Chitsulo chidapindika, chitseko osasuntha. Adati akafune makwerero alowere kudenga, koma mwini makwerero adali asadabwere kumaliro. Amayi a Lusiya ndiwo adakumbuka kuti pamsika wa Limbuli pali bambo wosula makiyi, a Jowaki. Adawaimbira foni. Bamboyo asadafunse n'komwe ngati munthu akupuma, adafuna kudziwa amene alipire njinga yamoto, kubwera ndi kubwerera. Ndidakuwira mufonimo kuti ndine.

Kudikira kwake sindingakufanizire ndi kanthu. Ndidakhala tsonga pansi pa zenera, khutu pakhoma, kumvetsera ngati munthu angatsokomole. Ndinkangoganiza zoti ndikamuuza chiyani Fanuwelo: kuti bambo ako adafa okha, ngati khoswe mumsampha, wotchera msamphawo ali kumanda kuimba nyimbo.

A Jowaki adafika ndi kachikwama, munthu wamfupi, wosafulumira. Adagogoda chitseko ndi chala, n'kuimba likhweru. Kenaka adayamba kundiyalira mitengo ngati tili pamsika wa kaunjika. Adati chitseko chamatabwa chapakhomo wamba amatsegula ndi fifitini sauzande. Galimoto, monga madalaivala amene amatsekera makiyi m'kati pachipata cha Muloza, salankhula pansi pa fifite. Sefa ya m'golosale ndiye amayamba waona nkhope ya mwini wake. Tsono changachi adati si chitseko cha nyumba, n'cha sitolo, changosochera mudzi. Kutsegula kokha fote. Akaboola, loko watsopano mtengo wake ndi wina.

Ndidawauza kuti muli munthu wodwala m'katimo. Adati akumva chisoni kwambiri, koma mano a choboolera chawo amagula ku Limbe, ndipo chisoni sichilandiridwa kumeneko. Adawonjeza kuti ndikadabwera naye kiyiyo akadali m'manja, kusulitsa mnzake ndi mtengo wa mazira ochepa chabe.

"Ali kuti kiyiyo, mayi? Mwina tingamufune kaye."

Anthu onse adayang'ana pansi. Amayi a Lusiya adangoti ali kutali.

Ndalama ndidalibe, yotsala ndidaponya m'mbale ya chipepeso. Ndidaloza mbuzi yanga ili pachingwe pansi pa mpeyala. Ndikunena pano, mwamuna wanga ali chigonere m'nyumba, bamboyo adapita kukaikanula mbuzi kukamwa kuti aone mano. Adaipapasa m'mimba, n'kufunsa ngati idaswapo. Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadawaluma.

Adayamba ndi timawaya, kutokosa, khutu pa loko. Loko wa ku Joni adakana. Adatulutsa choboolera cha batire. Pamene chinkalira, anthu ochokera kumaliro a Esinala adali atadzaza bwalo. Amayi adakhala pansi mbali yawo, miyendo tambasu, abambo mbali yawo. Wina adayambitsa nyimbo chapansipansi, ija timaimba tikamadikira bokosi. Ndidawakupiza dzanja kuti aleke, koma nyimbo idapitirira. Choboolera chidayamba kulira mofooka, a Jowaki n'kunena kuti batire ikutha, tipemphere. Chidalira, chidalira, kenaka china chake chidagwera m'kati, ngwee.

Chitseko chidatseguka. Amayi a Lusiya adandikokera m'kati. Pabalaza palibe munthu. Kuchipinda, bedi loyala bwinobwino. Ndidagwada kusuzumira kunsi kwa bedi, ndidatsegula ngakhale kabati. Ndidatuluka manja ali kumutu, ndipo amayi ataona choncho adayamba kulira zenizeni.

Kulira kuli pakati, kumbuyo kwa gulu kudamveka mawu amene ndawamva zaka zonse za ukulu wanga.

"Pepani abale, ndachedwa kumva. Watisiya ndani pakhomo pano?"

Bambo a Fanuwelo adali ataima pafupi ndi mbuzi, chipewa chili m'manja mwaulemu, maso ofiira, fungo lofika mpaka pakhonde. Adali atakhalapo kanthawi ndithu, akuthandiza nawo nyimbo. Atandiona ndili moyo adasokonezeka. Adayang'ana chibowo cha pachitseko, n'kupisa dzanja m'malaya. Adatulutsa kiyi womangidwa pachingwe cha m'khosi, n'kufunsa chifukwa chimene sitidangowaitana.

A Jowaki adamuyang'anitsitsa kiyiyo, nkhope yawo n'kuwala ngati aona mwana wawo.

"Ntchito yanga iyi! Madala, si inu mudabwera nthawi ya dzinja, muli amayi agonekedwa ndi malungo? Mudandipatsa thu sauzande ndi chinanazi."

N'zoona, m'dzinja ndidagona kuchipatala, kiyi ndidawasiyira iwo. Chichokereni apo, ine ndikakhoma kutsogolo n'kukhota pa mpeyala, iwo ankatsegula, n'kukhomanso bwinobwino. Ndodo ankaisiya dala, akuti imachedwetsa.

Bwalo lonse lidaseka, ena misozi ya maliro isadaume. Ine sindidaseke. Ndidakhala pansi pakhonde n'kulira kulira kumene ndidasungira munthu wakufa, uku wakufayo akundisisita pamsana, akunditonthoza ndi mpweya wa kachasu.

Mbuzi idakwera njinga yamoto, yomangidwa miyendo, ikundiyang'ana. A Jowaki adati mbuziyo yakwanira kutsegula ndi loko watsopano, koma ya njinga ndiwonjezere tambala. Adapitanso tambala. Bambo a Fanuwelo amati ndisadandaule, kusintha loko kudali koyenera, poti Esinala adali munthu wokonda kulowa m'nyumba za eni osaodira.

Loko watsopanoyo adabwera ndi makiyi atatu. Amayi a Lusiya adandilangiza kuti mmodzi ndisungitse kwa iwo, wina ndiwapatse eni nyumba, ndileke kukhomera munthu wamkulu ngati nkhuku. Ndidavomera kuti anena zoona. Onse atatu ali pano, pamfundo imodzi, pansonga ya chitenje chamkati.

Koma abambowo masiku ano andikonda modabwitsa. M'mawa uliwonse amandigwira pachipumi, n'kufunsa ngati sindikumva malungo.