Tsiku limene ndinakhazika pansi komboni yonse

Pali liwu limodzi lachingerezi limene mpaka lero sindiliiwala. Ndi lalitali ngati njanji: notwithstanding.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndikuthyola fodya kudziko la eni, pa famu ina kufupi ndi Darwendale. Tinali ndi bwana watsopano wochokera ku Mangalande, wosadziwa ngakhale Chilapalapa, chinenero chosakaniza chimene tinkamvanirana ndi azungu m'mafamu, ndipo kapitawo amene ankamumasulira anali atapita kumaliro ku Shamva. Ndiye bwana atafunsa ngati panali womva Chingerezi, dzanja langa linakwera lokha (ndinali ndi Sitandade 3 ya ku Dedza, komanso Esinati, mtsikana amene ndinkamufunsira, anali pomwepo akuyang'ana).

Bwana anawerenga pepala lake. Ine ndinatolapo mawu atatu okha: tomorrow, holiday, ndi chinjanji chija. Ndinachidula m'mutu ngati nzimbe: not, with, standing. Basi, zamveka.

"Abale," ndinatero chifuwa chili patsogolo, "bwana akuti mawa ndi holide ya Nyuwere. Ndipo asapezeke munthu woimirira."

Nthungululu zinalira. Amuna anandinyamula m'mwamba. Bwana, poona anthu akukondwerera ntchito chonchi, anandigwira chanza.

M'mawa mwake chitsulo choitanira kuntchito chinalira, koma palibe anapita. Dzuwa litakwera, galimoto ya bwana inatulukira, ine n'kuthamanga khomo ndi khomo kukumbutsa anthu lamulo. Amayi osinja anaponya minsi n'kukhala. Che Saidi, mkulu wina amene ankafolera nyumba yake, anakhala padenga pomwepo. Ine ndinakhala patsogolo penipeni, nditawongola miyendo, mano onse panja.

Bwana anafiira ngati phwetekere. Ankati akakuwa, ife n'kukhazikika kwambiri. Kenaka Che Saidi anandifunsa modekha ali padengapo, "Mwanawe, wapenga ndi mzunguyu kapena ndiwe?"

Anatilanditsa ndi aphunzitsi a sukulu ya pafamu. Atawerenga pepalalo anafotokoza kuti liwulo limangotanthauza "ngakhale": ngakhale mawa ndi holide, fodya athyoledwe. Akuti ndi liwu lakale la m'makhoti, lonena kuti chinthu sichikuima panjira kutsekereza chinzake.

Ntchito sanandichotse. Ananditumiza kukasonkhezera moto m'mabalani owumitsira fodya milungu itatu, kumene munthu sukhala pansi. Chaka chonsecho ndikangotulukira pachitsime kapena kutchalitchi, anthu ankakhala pansi mwaulemu, Esinati woyamba.

Komabe aphunzitsi anavomereza kuti liwulo ndinalidula pamalo oyenera. Adzukulu anga ndimawauza mbali imeneyo yokha.