Tsiku Limene Ndinamasulira Chisebiya pa Mlatho wa ku Manje

Amayi a ku Manje akandiona masiku ano amangoti, "Uyo womasulira uja," kenako kuseka. Sindiwadzudzula ayi.

Malemu amuna anga anagwirapo ntchito ya milatho ku Mozambique ndi azungu a ku Sebiya. Anabwerako ndi timawu tawo. Ndikamawathirira tiyi ankati "polako," ndiye kuti pang'onopang'ono. Kapu ikadzaza ankati "dosita," ndiye kuti basi. Chimwalirireni iwo, m'nyumba muli zii. Ndimathira tiyi mpaka kusefukira.

Atayamba kumanganso mlatho umene namondwe wa Freddy anakokolola, ndinalembedwa ganyu yotuta mchenga. Tsiku lina ndinamva mzungu woyang'anira ntchitoyo akukuwira oponya konkire kuti, "Polako!" Ndinaima pomwepo. Ndisanaganize n'komwe ndinamuyankha kuti, "Dosita!"

Bamboyo anathamangira kwa ine ngati waona mlongo wake. Anayamba kulankhula chikwawo osapuma, misozi ili m'maso, akuloza madzi, akuloza kutsidya. Ine ndinkangogwedeza mutu (mawu anga awiri aja anali atatha kale).

"Anaphiri, akuti chiyani?" anafunsa mayi Mwandida, amene tinkatuta nawo mchenga.

Ndikanangonena kuti sindinamve. Koma aka kanali koyamba chichitikireni maliro kuti anthu andizungulire, onse maso pa ine.

"Akuti mchengawu upite kutsidya. Chipilala chiyambira uko."

"Wonsewu?"

"Wonse. Mwaona mpaka akulira nazo."

Mzungu anakwera galimoto kupita ku Limbe. Ife tinawoloka ndi ndowa pamutu mpaka madzulo, zitenje zitanyowa, ine kutsogolo ngati kapitawo.

M'mawa mwake kapitawo weniweni anapeza makina osakanizira konkire ali okhaokha, mchenga uli kutsidya. Anafunsa mzunguyo m'Chingerezi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Amayi, munthuyu amakuuzani kuti phiri lili kutsidya ilo likufanana ndi la kwawo, kumene anaika mkazi wake. Za mchenga mwazitenga kuti?"

"Inu Anaphiri, msana wangawu mundigulira wina?" anakuwa mayi Mwandida.

Tinaubweza wonse. Palibe anandiyankhula mpaka Loweruka.

Ganyu sanandichotse, koma anandiletsa kumasulira ngakhale moni. Mzunguyo amabwerabe nthawi yopuma, n'kukhala pa thumba la simenti. Iye amanena za mkazi wake m'Chisebiya, ine za malemu m'Chichewa. Palibe amamva mnzake. Chimene ndikudandaula n'chakuti mlathowo watsala pang'ono kutha.